Funsani Ankolo a Geni: "Anditumiza ndi uje", koma ujeyo ndi ndani?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi moti ndangotolapo anayi, enanu musakwiye nthawi yanu ikubwera. Nkhani yake ndi ya anthu amene amatitumizira makasitomala. Ndikulemba ndili pa Katoto, kamvula kathu ka Mzuzu kosadziwa kalendala kaja kakuwaza chiyambire m'mawa, nde mukaona kuti pena ndatalikitsa dziwani kuti kunalibe kopita.

Ankolo, ine ndimawotcherera ku Luwinga, mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, pena timiyendo ta mathanki a madzi. Ndatha zaka 6 pa ntchitoyi. Anthu amene ndinawagwirirako ntchito amanditumizira anzawo mwa apo ndi apo, mwina miyezi iwiri kudutsa osabwera olo mmodzi, koma akabwera ameneyo sitivutana. Pomwe msuweni wanga wa kabaza ndi anzanga a kutchalitchi amanditumizira anthu pafupifupi sabata iliyonse koma ambiri amangofunsa mtengo, ine kukhala usiku kuwerengera kotesheni mawa lake munthu foni osayankha, ena akangofika amayamba ndi mawu oti "paja ndife amodzi" kufuna ndiwachotsere mpaka phindu lonse lithe. Pano msuweni uja akuti ndizimupatsa kangachepe pa munthu aliyense amene wabwera naye olo asagule, akuti amawotcha mafuta. Nde ndilimbikire mbali iti?
Wowotcherera wotopa, Luwinga

Achimwene, musanakangane ndi msuweni wanuyo ndikuuzeni kaye mmene ine ndinapezera munthu wondipangira geti, mwina muona pamene pagona nkhani.

Nditamaliza kampanda kanga ndinafunsa aneba anga kuti geti lawo anapanga ndani. Bambo aja sanandiyankhe ayi, anangoti tiyeni. Tinafika pageti, analikankha ndi chala chimodzi lokha likuyenda osalira, kenako anagwada nkundionetsa kumunsi pa kona paja pamaima madzi, akuti onani apa, mvula zitatu zadutsa dzimbiri palibe poti mnyamatayo amayamba wapaka red oxide asanapake penti. Ndipo mukudziwa mvula ya kuno mmene imadyera chitsulo. Atadzuka nkupukuta mawondo anawonjezera kuti "koma amachedwa ameneyo, akakuuzani Lachisanu muziwerengera Lachitatu la sabata inayo, ndipo musamupatse ndalama yonse kamodzi, theka basi." Anandiuzanso ndalama imene iwo analipira.

Ine popita kwa mnyamata uja ndinali nditagula kale mumtima. Mtengo ndimaudziwa, za dipoziti ndimazidziwa, olo kuchedwa kwake ndimakudziwa moti Lachisanu litadutsa geti kulibe sindinapse mtima, ndinangoseka kuti aneba ananena. Iye sanataye olo mphindi 10 kundinyengerera. Ameneyo ndi munthu wotumizidwa ndi kasitomala. Amene wamutumizayo anatulutsa ndalama yake, anagona nacho chinthucho, akudziwa ubwino wake ndi zofooka zake zomwe, komanso sangatumize mnzake amene akudziwa kuti thumba lake silingafike pamenepo chifukwa mtengo akuudziwa. Ndiye kuti wakusefelani kale anthu inu musanawaone.

Msuweni wanu sanagulepo geti. Sakudziwa kuti square tube imodzi ili pa bwanji lero, sakudziwa kuti malodi owotcherera paketi mumagula zingati, chimene akudziwa nchoti "m'bale wanga amawotcherera, ndi munthu wabwino, akuchitirani bwino." Mawu oti akuchitirani bwinowo ndi amene akukupwetekani, chifukwa womva amamva kuti akutchipitsirani. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Munthu amabwera atanyamula mtengo wa m'mutu mwake, inu mukatchula weniweni amaona ngati mwamunyoza, nkupita kukauza msuweni uja kuti m'bale wako ndi wodula. Anzanu a kutchalitchi chimodzimodzi, amakukondani zoona koma akugulitsa ubale, ntchito yanu sanaione.

Izi si za kuno kokha. Mu 2011 akatswiri atatu a zamalonda, Philipp Schmitt, Bernd Skiera ndi Christophe Van den Bulte, anatulutsa zomwe anapeza atatsatira makasitomala pafupifupi 10,000 a banki ina yaikulu ya ku Germany kwa zaka pafupifupi zitatu. Amene anabwera ku bankiyo chifukwa chotumizidwa ndi makasitomala akale anapezeka kuti phindu limene banki inkapeza pa iwo linali lokwera ndi 16 pa 100 aliyense kapena kuposera apo poyerekeza ndi anzawo ofanana nawo amene anabwera mwa njira zina, komanso sankathawa msanga. Chimene chinandisangalatsa ine ndi kafukufuku wotsatira wa mu 2018, anaona kuti wotumizidwa uja amakhazikika pokhapokha amene anamubweretsa akadali pomwepo, akachoka iyeyo kukhazikika kuja kumathanso. Banki ya ku Germany si shedi ya ku Luwinga inde, koma munthu ndi yemweyo. Mukakhumudwitsa kasitomala wakale simunataye mmodzi, mwataya ndi kamzere konse kamene kanabwera pambuyo pake.

Koma tsono ndisakunamizeni kuti mungokhala phee kudikira makasitomala akale. Mwanena nokha kuti miyezi iwiri imadutsa. Chifukwa chake nchosavuta, geti si tomato, munthu amagula kamodzi mwina zaka 10 kapena 15 osaganizanso za wowotcherera, ndipo pa anzake onse amene akumanga nyumba chaka chino mwina ndi awiri. Mawu ake ndi olemera koma amatuluka kamodzikamodzi. Lendi ya shedi siidikira zimenezo.

Apa mpamene ndimasiyana ndi anthu amene amangogawa kuti awa ndi makasitomala awa si makasitomala basi. Pali anthu amene sanakupatsenipo olo tambala koma ntchito yanu amaidziwa kuposa mwini nyumba. Foromani womanga nyumba ku Mchengautuwa kapena ku Lupaso, ameneyo waika mafelemu a anthu ambirimbiri, akangoliimika felemu lanu pakhoma amadziwa ngati lili sikweya kapena lapindika, ndipo likapindika khoma lake ndi limene limaoneka lokhota, bwana amakalipira iyeyo. Nde akakutchulani amakhala waika khosi lake. Chinanso iyeyo amadziwa nyumba iti yafika pa window level sabata ino, kutanthauza kuti munthu amene akutumizireniyo akufuna mafelemu lero lino osati "tikadzapeza ndalama." Chimodzimodzi wogulitsa mu hardware, munthu akagula simenti khoma litakwera funso lotsatira amafunsa pakauntala pomwepo kuti kodi wowotcherera wabwino ndingamupeze kuti. Ine ndagulitsapo matabwa a ku Chikangawa zaka zingapo ndisanatsegule kashopu, ndipo amene ankandidyetsa kwambiri sanali eni nyumba, anali akalipentala okhoma madenga, mmodzi yekha amatha kundibweretsera nyumba zinayi chilimwe chimodzi.

Nde funso lofunsa pa munthu aliyense wokutumizirani anthu ndi loti kodi ntchito yanga anaiona ndi maso ake, ndipo ndikalakwitsa iyeyo ataya chani? Kasitomala anaiona ndipo ataya ulemu kwa mnzake. Foromani anaiona ndipo ataya ntchito. Msuweni wa kabaza sanaione ndipo sataya kanthu, mawa akhala ali pa siteji kunyamula anthu ngati kale.

Chenjezo limodzi pa aforomani, ena amatsata komishoni osati luso. Lero ali nanu, mawa wina akawonjezera K5,000 asamuka ndi nyumba zawo zonse. Nde akakubweretserani ntchito yesetsani kukumana ndi mwini nyumba maso ndi maso, mutenge nambala yake, risiti mulembe dzina lake, kuti pakutha pa ntchitoyo akhale kasitomala wanu osati wa foromani. Ndipo musadalire foromani mmodzi.

Za msuweni, musamuthamangitse, chibale ndi fupa. Koma zolipira munthu chifukwa choti wabwera ndi wongofunsa mtengo ayi, mukatero azikubweretserani aliyense amene wakwera njinga yake mpaka ana asukulu. Muuzeni kuti kangachepe kake kazituluka tsiku limene munthu wapereka dipoziti, ndipo mutchule kuti ndi zingati pa geti, zingati pa felemu, zisakhale za "tiona." Kenako mumuphunzitse, mumuyikire zithunzi zisanu za ntchito zanu mufoni mwake, mumuuze kuti geti laling'ono limayambira pakuti, dipoziti ndi theka, masiku ndi akuti. Akamanena zimenezo munthu wongoyendayenda adzigwera yekha panjira asanafike ku Luwinga. Ndipo lekani kuwerengera kotesheni usiku wonse munthu amene simunamuyeze, yambani mwamuuza kuti ntchito ngati imeneyi imagwa pakati pa ndalama zakuti ndi zakuti, mukaona sanagwedezeke mpamene mutenge tepi kukayeza. Pa koteshenipo muzilemba kuti mtengowu ndi wa masiku 7, tonse tinaona zimene zinachitika mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 pa 100, anthu analira ndi makotesheni akale.

Pomaliza gulani kakope, munthu aliyense wobwera muzimufunsa kuti wakuuzani za ine ndani, mulembe, pambali pake mulembe ngati anagula ndi ndalama imene munapeza. Ikatha miyezi 6 mudzandilembere, ndikufuna ndidzamve kuti dzina liti latuluka kambiri.

Ankolo, ndimaphika makeke a ukwati, ma birthday ndi a graduation kunyumba kwanga ku Chibanja. Makasitomala anga amandiyamikira kwambiri, ena mpaka amanditumizira mauthenga oti keke inatha anthu akunyambita zala, koma sindiona akunditumizira anthu. Amene amanditumizira kwambiri ndi mayi wina wokongoletsa maholo amene sanagulepo keke kwa ine, koma pano wayamba kunena kuti tizigawana. Ine kupempha kasitomala kuti andiuzire anzake ndimachita manyazi, zimakhala ngati ndikupemphetsa. Ndichite bwanji?
Mayi wa makeke, Chibanja

Mayi, manyazi amenewo akukudyerani ndalama. Munthu kukuyamikirani ndi kukutumizirani mnzake ndi zinthu ziwiri zosiyana, woyamikirayo akangodina send nkhani yatha, akubwerera ku mavuto ake, sagona akuganiza kuti kodi mayi wa ku Chibanja uja oda wapeza? Osati chifukwa choipa mtima, sanaganizeko basi. Muyenera kumukumbutsa, ndipo nthawi yake ndi yomweyo imene wakutumizirani uthenga wa zala uja, osati patatha miyezi itatu kukoma kutaiwalika.

Kapemphedwe kakenso kali ndi njira. Mukati "muziuzako anzanu" ayankha kuti chabwino mayi, basi zathera pomwepo, poti anzanu ndi ndani? Ndi Mzuzu yense. Koma mukati "zikomo kwambiri asisi, kodi pa anzanu a ku ofesi kapena a ku banki mkhonde alipo amene ali ndi chinkhoswe kapena mwana womaliza ku Mzuni chaka chino?" mutu wake umayamba kusanthula maina, ndipo kawirikawiri limatuluka limodzi. Likatuluka musapemphe nambala kuti muimbe nokha ngati wa inshulansi, mupempheni iyeyo kuti amutumizire chithunzi cha keke ija ndi nambala yanu. Uthenga wochokera kwa mnzake amautsegula, wa nambala yachilendo amauona ngati wa anyamata aja oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi."

Inuyo mulinso ndi mwayi umene wowotcherera uja alibe. Keke ya ukwati amalipira ndi anthu awiri koma amadya ndi anthu 300. Onsewo sanagule koma alawa, nde ndi mboni zenizeni, vuto ndi loti sadziwa kuti waphika ndani. Kasitika kokhala ndi dzina ndi nambala pa bokosi ndi pa timapaketi tija amagawira anthu, ndi kupempha MC kuti podula keke atchuleko wophika, zimenezo sizidula koma ndi anthu angati amachita?

Kunali mkulu wina ku America dzina lake Joe Girard, ankagulitsa magalimoto a Chevrolet ku Detroit, anagulitsa 13,001 pakati pa 1963 ndi 1978 mpaka analowa mu buku la Guinness lolemba anthu oposa onse pa dziko. Iyeyu ankati munthu aliyense ali ndi anthu pafupifupi 250 omudziwa bwino, nambala imeneyo anaitenga poona kuchuluka kwa anthu obwera pa maliro ndi pa maukwati. Ine nditamva ndinaseka, 250 kuno ndi maliro a munthu wosakondedwa, kwathu kuno magalimoto amachoka ku Rumphi, ku Mzimba mpaka ku Karonga. Mkulu ameneyu ankatumizira makasitomala ake khadi mwezi uliwonse kuti asamuiwale, komanso ankapereka madola 25 kwa aliyense womubweretsera munthu amene wagula, kuphatikizapo anthu ngati ometa tsitsi amene tsiku lonse amakhala akucheza ndi anthu. Taonani, sanasankhe mbali imodzi, ankasamala akale uku akudyetsa ongotumiza, koma ndalama imatuluka galimoto ikagulidwa.

Nde mayi wokongoletsa maholoyo musamuone ngati wadyera. Iyeyo amakumana ndi komiti ya ukwati miyezi ingapo tsiku lisanafike, nthawi imene bajeti ikukonzedwa kumene, pamene kasitomala wanu wokondwa uja amamva za ukwati wa mnzake khadi litatuluka kale keke ataoda kwina. Komanso anthu amene iye amawadziwa si anthu anu. Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, Mark Granovetter, analemba mu 1973 kuti anthu ambiri amene anawafunsa kufupi ndi Boston anapeza ntchito kudzera mwa anthu ongodziwana nawo patalipatali osati anzawo apamtima, chifukwa anzako apamtima amadziwa zomwe iwenso ukudziwa kale. Pa geni ndi chimodzimodzi, makasitomala anu a ku Chibanja amazungulira mwa anthu omwewo, wa maholoyo akufikitsani ku Chiputula, ku Ekwendeni, ku Nkhata Bay komwe simukanafika.

Khalani naye pansi mugwirizane. Ine ndimakonda kuti poyamba muyese kubwezerana, inu mukapeza mkwatibwi amene sanapeze wokongoletsa muzimutumiza kwa iye, kupatsa nkuika. Akakana kuti akufuna ndalama, tchulani ndalama yokhazikika pa keke ya ukwati iliyonse imene yalipiridwa, ndipo ichoke pa phindu lanu, muwerengere bwino mazira, shuga, majarini, magetsi kapena makala ndi nthawi yanu kuti muone ngati ikukwana. Chimene musalole ndi choti iye azikweza mtengo mwamseri, inu mwati K150,000 iye akauza komiti K200,000, tsiku limene mkwatibwi adzadziwe wakuba adzakhala inu poti dzina lili pa bokosi ndi lanu. Ndipo tsiku lina mumupangire kakeke kakang'ono adye ndi ana ake, kuti akamakutchulani azinena zimene walawa.

Ankolo, ndili ndi kashopu ka mapepala, inki ya printer ndi zolembera mtauni muno. Mkulu wina wogwira ntchito yogula katundu mu ofesi ina ya boma wandiuza kuti atha kumandipatsa ma oda komanso kunditchula kwa anzake a maofesi ena bola ndizimupatsa 10 pa 100 iliyonse. Akuti aliyense amatero. Kodi zikusiyana pati ndi komishoni imene anthu amapatsana?
Mnyamata wa stationery, mtauni

Mphwanga, zikusiyana kwambiri. Wa maholo uja ndalama imene ikugula keke si imene anapatsidwa kuti aisunge, ndipo komiti ili ndi ufulu womukana. Mkulu wakoyu analembedwa ntchito kuti asankhe wogulitsa wabwino pa mtengo wabwino ndi ndalama za boma, nde akamalandira kwa iwe kuti akusankhe dzina lake ndi ziphuphu basi, olo mutazitcha za fanta. Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 limagwira wolandira ndi wopereka yemwe, ndipo a ACB, olimbana ndi ziphuphu aja, ofesi ali nayo mu Mzuzu momwemuno, sufunika kukwera basi ya ku Lilongwe kuti ukawapeze.

Olo tisiye za lamulo, pa geni penipeni munthu ameneyu sakukutchula chifukwa cha inki yako, akukutchula chifukwa cha 10 yake. Akasamutsidwa ma oda asamuka naye, ndipo anzake amene akutchulekowo nawonso afuna yawo. Lembetsa bizinesi yako bwinobwino, ukhale ndi mapepala a msonkho a MRA, ulembetse ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, kuti uzitha kupikisana nawo poyera. Pakadali pano masukulu a private ndi timaofesi ting'onoting'ono amene amagula kale kwa iwe, afunse akutchule kwa anzawo, aphunzitsi aakulu amadziwana onse.

Ankolo, ine si wa bizinesi koma nkhaniyi yandikhudza. Ndili ndi telala wanga amene wandisokera zaka zambiri osandikhumudwitsa. Abwana anga a kuntchito anasirira diresi langa nde ndinawatumiza kwa iye, anapereka nsalu zawo zodula zimene anagula ku Taifa kuti asokere iwo ndi ana awo awiri za ukwati wa mchemwali wawo. Telala uja anachedwa, zovala anapereka m'mawa wa tsiku la ukwati, diresi la abwana lothina moti sanavale. Pano ku ofesi moni akuyankha mokakamizika. Telalayo akuti anali ndi ntchito zambiri. Ndalumbira kuti sindidzatumizanso munthu kwa wina aliyense. Ndalakwa?
Wochita manyazi, Masasa

Achemwali, kalata yanu ndaiika dala kumapeto kuti atatu enawa aiwerenge, makamaka wowotcherera ndi mayi wa makeke. Anthu a geni timaona ngati kasitomala akatitumizira munthu ndi zaulere, sitiona kuti iyeyo wabwereketsa nkhope yake. Inu simunalandire olo K500 koma amene mukulephera kuyang'ana abwana m'maso ndi inu, telala ali phee pa makina ake. Nchifukwa chake makasitomala ambiri okhutira amangokhala chete osatchula munthu, anapsapo kale ngati inuyo.

Telala wanuyo analakwa kawiri. Kuchedwa ndi kulakwitsa muyezo ndi kumodzi, zimachitika, nyengo ya maukwati matelala amalandira nsalu mpaka pansi pa tebulo chifukwa choopa kukana ndalama, magetsi nawo akazima overlock imaima. Koma kulakwa kwakukulu nkoti sanasiyanitse munthu wongodutsa ndi munthu amene mwamutumiza inu. Akanati "mayi, mwezi uno ndadzaza sindikwanitsa" abwana anu akanakhumudwa pang'ono nkupita kwina, inu ulemu wanu uli pomwepo. Kapena ataona kuti zikuthina akanakuimbirani inuyo Lachitatu kuti zinthu sizili bwino.

Kulumbira kwanuko ndikukumvetsa koma musafike poti simudzatchulanso munthu, mawa inunso mudzafuna wina akuuzeni makaniko wabwino. Chongofunika ndi kutchula ngati mmene anachitira aneba anga a geti aja, ubwino ndi zofooka zomwe. Mwasoketsa kwa telalayu zaka zambiri, ndikukhulupirira mumadziwa kuti ikafika nyengo ya maukwati amapanikizika, mwina inuyo mumamupatsa nsalu mwezi wathunthu nthawi isanakwane osazindikira kuti nchifukwa chake sanakukhumudwitsenipo. Zimenezo ndi zimene abwana anafunika kumva, kuti amasoka bwino koma mupatseni nthawi, mumuuze tsiku la sabata imodzi ukwati usanafike, ndipo mukayeze kawiri.

Pano chitani izi. Pitani kwa telala Loweruka, osati pa foni, mukamuuze mosapsatira kuti wakuchititsani manyazi kuntchito ndipo mukufuna akonze. Diresi lothina nthawi zambiri limatheka kumasula ngati anasiya nsalu m'mphepete mwa msoko, ngati sanasiye atulutse ndalama yake agule nsalu yofanana asokenso ulere, ndipo ndalama ya msoko wa diresi limenelo abweze. Akavomera, kauzeni abwana kuti "pepani madam, ine ndi amene ndinakutumizani, ndalankhula naye akuti akonza," mutenge diresilo nokha mupite nalo. Akakana kapena akayamba za mawa mawa, tengani nsalu zanu zimene zili kwa iye tsiku lomwelo, ndipo mumuuze chifukwa chake musanatuluke pakhomo.